Tinayamba ndi Timapaketi, Mizu Ndiyo Inatiphunzitsa Ntchito

Chaka choyamba cha bizinesi yathu, ine ndi mchemwali wanga tinkagulitsa chinthu chimodzi chokha: inokyulanti wa soya ndi nyemba. Ndi ufa wakuda wonyowa pang'ono, momwe mumakhala mabakiteriya amoyo. Mlimi amaupaka ku mbewu ali pamthunzi n'kudzala tsiku lomwelo. Mabakiteriyawo akalowa m'mizu amapanga timibulu, ndipo m'menemo amakoka nayitrojeni, yemwe ndi pafupifupi 78 peresenti ya mpweya umene timapuma, n'kumusandutsa chakudya cha mbewu. Luso limeneli ndi lakalekale. Wasayansi wina dzina lake Beijerinck anapatula mabakiteriyawa mu 1888, ndipo mu 1896 asayansi ena awiri, Nobbe ndi Hiltner, anali atapanga kale inokyulanti wa malonda wotchedwa Nitragin. Choncho tinkagulitsa mtima uli m'malo.

Mvula ili pakati, mayi wina amene anagula kwa ife anabwera atanyamula soya wozula. Sanakalipe. Anangomuyala patebulo n'kunena kuti, "Ana anga, ndinachita zonse zimene munandiuza. Taonani." Mbewuzo zinali zopinimbira, masamba otuwa. Mizu yake ndiyo inandidula mawu: yaifupi, yonenepa kunsonga ngati zala zotupa, yopanda tiubweya, ndipo timibulu tinali tiwiri kapena titatu basi. Mchemwali wanga atang'amba kamodzi ndi chikhadabo, m'kati munali moyera mbee, chizindikiro chakuti simukuchitika ntchito iliyonse.

M'mawa mwake tinapita kumunda kwawo n'kukatapa dothi. Litayezedwa, pH yake, womwe ndi muyeso wa asidi m'dothi, inapezeka kuti ili pansi pa 5. Muyeso umenewu umayambira pa 0 kufika pa 14, ndipo 7 ndiye pakati. Kutsika ndi sitepe imodzi kumatanthauza kuti asidi wachuluka kakhumi. Dothi likatsika kupitirira 5.5, aluminiyamu yemwe amakhala duu m'nthaka amasungunuka n'kuwotcha nsonga za mizu. Fosforasi, chakudya china cha mbewu, naye amagwidwa ndi aluminiyamu ndi ayironi, moti ngakhale alimo mbewu imalephera kumupeza. Mabakiteriya amene tinagulitsa aja anali amoyo ndithu, koma tinawatumiza kumalo kumene sakanatha kugwira ntchito. Mayi aja tinawabwezera ndalama zawo, ndipo mpaka lero ndimawathokoza chifukwa chobweretsa mizu ija m'malo mongotisiya.

Kuyambira pamenepo, sitipereka paketi kwa munthu tisanadziwe dothi lake. Ena amanyinyirika kuti tikuwachedwetsa, ena amapita kukagula kwina. Zimapweteka, komabe lamuloli sitilisintha.

Tinazindikiranso kuti tizilombo ta m'nthaka n'tosiyanasiyana kupirira kwake. Pa nyemba pali mtundu wa Rhizobium tropici wotchedwa CIAT 899, wodziwika popirira asidi ndi kutentha, umene alimi a ku Brazil amaugwiritsa ntchito kwambiri. Soya amafuna wake, Bradyrhizobium, ndipo sungasinthanitse. Koma zimene zinanditenga mtima kwambiri ndi mafangasi otchedwa mycorrhiza. Amalowa m'mizu n'kutulutsa timaulusi tosaoneka ndi maso, timene timayenda m'dothi kupitirira pamene muzu wathera, kukatunga fosforasi ndi madzi. Mbewu imawalipira ndi shuga. Ifeyo timawachulukitsa tokha m'mabeseni a mchenga wosakaniza ndi dothi, momwe timadzalamo mapira. Mapirawo akakula timasiya kuthirira kuti aume, kenako timaduladula mizu n'kuisakaniza ndi dothi lomwelo. Mlimi amathira kadzanja kamodzi m'phando. Amene amalima kabichi timawauziratu kuti asataye ndalama, chifukwa mbewu za banja limenelo sizigwirizana ndi mafangasiwa.

Dothi la alikali, lomwe pH yake imakhala pamwamba pa 7, tinakumana nalo mochedwa, kwa bambo wina wolima mothirira. Masamba anthete a mbewu zake anali achikasu, mitsempha yokha ili yobiriwira. Iwo ankaganiza kuti feteleza wachepa, ndiye ankangowonjezera. Vuto linali lakuti pH ikakwera kufika cha m'ma 8, ayironi sasungunuka, ndipo fosforasi amamangidwa ndi kashiamu. Apa amene amathandiza ndi mabakiteriya monga Pseudomonas, omwe amatulutsa timankhwala togwira ayironi n'kumufikitsa pafupi ndi muzu, komanso Bacillus, yemwe mitundu yake ina imatulutsa asidi wofatsa womasula fosforasi. Tinawalangiza kuti athire manyowa owola bwino, chifukwa tizilomboti timafuna chakudya kuti tikhazikike.

Pali chinthu chimene ndimabwereza kwa aliyense wogula, ngakhale chimatichepetsera malonda. Tizilomboti sitisintha pH ya munda wonse. Timangokonza kadera kakang'ono kozungulira muzu, kuti mbewu ipirire. Ngati asidi wafika poipa, laimu, amene amachepetsa asidi m'dothi, ndi wofunikabe, ndipo timanena poyera kuti ayambe agula laimuyo asanagule zathu. Paketi ikasiyidwa padzuwa, zamoyo zonse za m'katimo zimafa, n'chifukwa chake katundu wathu timamusunga pozizira ndipo sitigulitsa wopitirira tsiku lake.

Mayi aja anathira laimu chilimwe chotsatira, mvula isanagwe, n'kudzalanso soya wopaka inokyulanti. Patatha milungu isanu ndi umodzi tinapita limodzi kumunda. Tinakumba phando limodzi mosamala ndi khasu, osati kuzula, kuti timibulu tisathothoke, kenako tinatsuka mizu m'ndowa. Inali yaitali, yodzaza timibulu kuzungulira muzu waukulu. Ulendo uno mayi aja anang'amba okha kabulu kamodzi, ndipo m'kati munali mofiirira ngati nyama yaiwisi, mtundu umene umaoneka pamene nayitrojeni akukokedwa. Anatembenuka n'kufunsa mchemwali wanga kuti, "Nanga munda wa mng'ono wanga uja mudzauyeza liti?"