Kapu ya tiyi ndi funso limene sikelo singayankhe

Olawa tiyi m'mafakitale a ku Thyolo ndi Mulanje salawa mwachisawawa. Muyezo wodziwika ndi magalamu 2 a masamba pa mamililita 100 a madzi owira kumene, m'kapu yovundikira kwa mphindi 6, kenako kutsanulira m'kambale koyera. Wolawa amakoka tiyi pa supuni pamodzi ndi mpweya, mwaphokoso, kuti fungo likwere kumphuno kudzera kukhosi, n'kulavula. Mphindi zikapitirira, tiyi amawawa. Wolawa akadwala chimfine ntchito yaima, chifukwa gawo lalikulu la kukoma limadzera m'mphuno.

Zonsezi n'zoyezeka. Ku labotale amayeza theaflavin, mankhwala achilengedwe amene amawalitsa tiyi, ndipo madokotala amadziwa mitsempha yonyamula uthenga kuchoka pa lilime kupita ku ubongo. Koma kukoma kwenikweniko, kumene wolawa akumva m'kati mwake supuni ikafika pakamwa, palibe chida chimene chinakugwirapo. Anthu awiri angagwirizane kuti tiyi uyu ndi wabwino, osatha kutsimikiza ngati akumva chimodzimodzi.

Mu 1995 katswiri wa filosofi David Chalmers anatcha nkhaniyi funso lovuta: n'chifukwa chiyani ntchito ya ubongo imabwera ndi kumva, m'malo mongochitika mwakachetechete ngati makina opukusa masamba? Katswiri mnzake Thomas Nagel, mu 1974, anapereka chitsanzo cha mleme. Tingadziwe bwino mmene umapezera njira mumdima pomvetsera kubwerera kwa kulira kwake, koma mmene kukhala mleme kumamvekera kwa mwini wake sitikudziwa.

Yesani izi pakhomo. Tengani mabeseni atatu: la madzi ozizira a m'mawa, la otentha oti dzanja lipirire, ndi la ofunda pakati. Viikani dzanja lamanzere m'ozizira, lamanja m'otentha, kwa mphindi imodzi yathunthu, kenako onse awiri m'ofunda. Lamanzere limva kutentha, lamanja kuzizira, madzi ali amodzi. Mukafulumira kuvuula manja sizioneka, popeza khungu limakhala lisanazolowere.

Katswiri wina wa filosofi, Daniel Dennett, akanati apa palibe chodabwitsa: fotokozani mmene khungu limazolowerera, nkhani yatha. Ine ndikuona kuti yatha theka. Kuzolowera kwa mitsempha kukutiuza chifukwa chake manja akusiyana, koma sikukutiuza chifukwa chake pali munthu amene akumva kuzizirako, dzanja lili m'beseni.