Magetsi pakati pa zinthu ziwiri zosadutsa magetsi

Ife ophunzira a digiri yoyamba tikalowa mu labotale yoyala ma oxide (zinthu zopangidwa ndi zitsulo ndi okosijeni, zimene timaziyala m'magawo opyapyala kwambiri), satiyambitsira pa laser. Ine a pulofesa anandipatsa ntchito yokonza tizidutswa ta strontium titanate, SrTiO3, timene timakhala maziko oyalapo zinthu zina. Kachidutswa kamodzi kukula kwake ngati chikhadabo. Ndimakatsuka mu acetone ndi mu ethanol, kukaviika pang'ono mu asidi wa HF (hydrofluoric acid), kenako kukawotcha mu uvuni wotentha kwambiri. Zikayenda bwino, makina a AFM, maikulosikopu oyesa kusalala kwa pamwamba pa chinthu, amaonetsa masitepe osalala bwino, lililonse kutalika kwake 0.39 nanomita. SrTiO3 imapangidwa ndi magawo osinthanasinthana a TiO2 ndi SrO, ndipo masitepe otere amasonyeza kuti pamwamba patsala TiO2 yokhayokha.

Anzanga ena amaiderera ntchitoyi. Ine ndimaikonda, ndipo chifukwa chake chili mu zimene Akira Ohtomo ndi Harold Hwang anapeza mu 2004 ku Bell Labs. SrTiO3 sidutsa magetsi, lanthanum aluminate, LaAlO3, nayonso sidutsa, koma mukayala LaAlO3 pamwamba pa SrTiO3, magetsi amayenda pomwe ziwirizi zakumana. Komatu zimenezi zimachitika ngati pamwamba pa maziko panali TiO2. Pakakhala SrO, palibe chimayenda, olo muyale mwaluso bwanji.

Kuyalako kumasangalatsa kuonerera. Laser imamenya mbale ya LaAlO3, kuwala kumathwanima m'chipinda chochotsedwa mpweya, motsala okosijeni wochepa, ma atomu n'kuuluka kukatera pa kachidutswa kotentha madigiri opitirira 700. Ife maso amakhala pa sikirini ya RHEED, makina oonetsa mmene kuyalako kukuyendera, pomwe kadontho kamazilala kenako n'kuwalanso. Kakawalanso, gawo limodzi la LaAlO3 latha kuyalidwa. Timawerenga mosamala chifukwa mu 2006 gulu la Jochen Mannhart ku Augsburg linaonetsa kuti magawo atatu sakwanira, magetsi amayamba pa gawo lachinayi. Zimenezi mpaka pano zimandizizwitsa.

Chovuta ndi okosijeni. Akachepa m'chipindamo, SrTiO3 imataya ma atomu ake a okosijeni n'kuyamba kudutsa magetsi payokha, ndipo munthu angasangalale kuti wapeza chinthu pomwe wangoononga maziko. N'chifukwa chake tikamaliza timawonjezera okosijeni n'kuziziritsa pang'onopang'ono tisanayese kalikonse. A pulofesa salandira zotsatira popanda kuona m'buku kuti okosijeni anali wochuluka bwanji tsikulo.