Mbaula isagone m'chipinda cha khanda

Juni ndi Julayi kuno ku Chipata kumazizira kwambiri, ndipo makolo ambiri amalowetsa mbaula kuchipinda, kutseka mawindo, mpaka kutsekera nsanza m'mabowo olowera mpweya kuti khanda lisazizidwe. Amatero chifukwa cha chikondi, koma chizolowezichi chimapha.

Makala akamayaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wapoizoni wa carbon monoxide. Suoneka, sununkha, ndipo makala ofiira psuu, opanda utsi, amautulutsabe. Ukalowa m'magazi umakanirira mwamphamvu kuposa okosijeni kuwirikiza ka 200. Khanda lobadwa kumene limapuma ka 30 mpaka 60 pa miniti, wamkulu ka 12 mpaka 20 basi, choncho loyamba kuvulala ndi khandalo. Silinganene kuti mutu ukuwawa. Limangofooka, kukana bere, kusanza kapena kugona tulo tovuta kudzutsa. Mukaona zotere, tulukani nalo panja pomwepo, ndipo pitani kuchipatala ngakhale litatsitsimuka.

Mwana afunde zovala, osati moto. Muvekeni chovala chimodzi choonjezera pa zomwe mwavala inu, ndi masokosi. Bulangete lilekezere pachifuwa, lisaphimbe nkhope. Mukafuna kudziwa ngati wafunda, gwirani pachifuwa kapena kumbuyo kwa khosi, chifukwa manja a khanda amazizira ngakhale thupi lili bwino. Mabowo a mpweya akhale otsekula usiku wonse.

Koyilo ya udzudzu nayonso ndi utsi. Neti ndiyo yoyenera. Neti yatsopano iyanikeni pamthunzi maola 24 musanaipachike. Opopera mankhwala a udzudzu akamaliza, khalani panja maola osachepera 2, kenaka tsekulani mawindo, musese tizilombo takufa mwana asanalowe.

Chimene ambiri saganizira ndi katundu wakumunda. Matumba a chimanga chothira mankhwala a anankafumbwe, feteleza ndi fodya wouma zisasungidwe mogona mwana, ngakhale malo atachepa. Osuta asutire panja, kutali ndi windo. Fumbi la Ogasiti mpaka Okutobala lipukuteni ndi nsalu yonyowa, ndipo wazani madzi musanasese. Dzinja likafika, sunthani bedi lisagunde khoma la chinyezi lomera nkhungu.

Utsi wa tsiku ndi tsiku umaonjezera ngozi ya chibayo. Mwana akamatsokomola, werengani kapumidwe kake kwa miniti yathunthu ali phee. Ka 60 kapena kuposa kwa wosakwana miyezi 2, ka 50 kapena kuposa kwa wa miyezi 2 mpaka 11, kapenanso pansi pa nthiti pakamalowa m'kati popuma, musadikire kuti kuche: pitani naye kukiliniki.