Ndakhoza mayeso a unamwino: azakhali, pepala ili ndi lanu

Zotsatira za ku Nurses and Midwives Council of Malawi zatuluka, dzina langa lilipo. Ndine namwino. Ndikulemba maso ali otupa, foni ikungolira kuyambira dzulo, ndiye amene sindinakuyankheni musati ndayamba matama. Mawu ndi amene andithera.

Mulungu wanga, ndinu nokha. Munandinyamula ku Chamama ndi kachikwama kamodzi, mwandisunga zaka 3 zonsezi.

Ambiri mukudziwa chimene chinandipititsa kusukuluyi, sindibwereza zonse. Mchimwene wanga wamng'ono, chitsirizira chathu, ankamwa madzi osakhuta, usiku n'kumakodza pamphasa, nyerere zikuunjikana pomwe wakodzapo, thupi likutha chonsecho akudya. Ena anati malungo, ena anati amulodza, ena ankanong'onezana za kachilombo. Tsiku limene anakomoka akupuma mwabefu, namwino wina anangomubaya kachala, n'kuyang'ana kamakina, n'kuti: shuga. Mwana wa zaka 8! Ife tinkadziwa kuti amenewo ndi matenda a mabwana onenepa a m'tauni.

Azakhali, apa ndiye ndiyambire pati? Pachikhalidwe chathu mwini mbumba ndi atsibweni. Inu bambo atamwalira mukanangopukuta manja, palibe akanakunenani. Koma munakwera kabaza n'kudzagona pasimenti ngati gadiyani, chitenje chimodzi chomwecho chofunda ndi choyala. Sukulu munalekera Sitandade 2, koma munaumirira anamwino mpaka anakuphunzitsani kuwerenga timizere ta pa jakisoni, kutsina khungu la pamimba, kusinthasintha pobaya kuti pasatupe. Mayi manja ankanjenjemera, ine ndinkatseka maso. Munabaya ndinu.

Ndiye nkhani ya mtsuko ija. Anatiuza kuti insulin, mankhwala obaya a shugawo, amafuna pozizira, madigiri 2 mpaka 8, ndipo akatenthedwa amatha mphamvu. Kwathu magetsi kulibe, furiji tinkangoiona m'magolosale. Inu munagula mitsuko iwiri, waung'ono kulowa mu waukulu, pakati mchenga wonyowa, pamwamba kansalu konyowanso, kabotolo mutakakulunga mu pulasitiki kuti madzi asalowe. Mwezi wa Okutobala, dzuwa la ku Kasungu likuswa mtengo, munkathirira mchengawo m'mawa ndi madzulo musanamwe n'komwe madzi inuyo. Nditafika kukoleji n'kumva aphunzitsi akufotokoza njira yomweyi, ndinaseka ndekha m'kalasi. Azakhali anga anayamba kale.

Fizi nayo. Soya wanu wa chaka choyamba anapita yense. Chaka chachiwiri zinapita mbuzi, ndi ija ya bere yomwe. Chomaliza munakatenga ngongole ku banki m'khonde osandiuza, ndinamvera kwa anzanu. Ndalama inkangolowa pa Airtel Money usiku, kenako foni: "Mwana wa achimwene, wadya?" Basi. Za ndalamazo osatchula ngakhale kamodzi.

Tsiku lina tinaphunzira kuti insulin anamutulukira ku Toronto, m'dziko la Canada, mu 1921, ndipo woyamba kubayidwa mu 1922 anali mnyamata wa zaka 14 amene anali atatsala mafupa okhaokha. Ndinatuluka panja kukalira. Mankhwala akhalapo zaka zoposa 100, ife tinatsala pang'ono kuika mwana m'manda chifukwa chosadziwa. Nditakuimbirani munangoti, "Nanga ukalira odwalawo awaona ndani? Bwerera m'kalasi." Ndinabwerera.

Mayi anga, zikomo chifukwa cha mawondo anu. Amayi a Chigwirizano kumpingo kwathu, sopo uja ndi ufa uja zinafika. Anzanga a m'chipinda amene tinkagawana bonya mwezi ukatalika, anamwino akuluakulu a m'wodi ya ana amene munandikalipira mpaka ndinaphunzira kupeza mtsempha wa khanda usiku ndi tochi ya foni, Ambuye akukumbukireni.

Alipo ena amene nthawi ya fizi foni zawo zinkakhala zozima. Alipo amene anati mwana wamkazi angokwatiwa, kamwana kodwalako n'kongotha ndalama. Lero ndaona chithunzi changa pa WhatsApp pawo, alemba kuti "mwana wathu". Chabwino, ndaona. Chakukhosi ndilibe, koma yunifomu yoyamba akandiveke ndi azakhali.

Kumene mtima wanga uli ndi kwa ana a shuga. Makolo, mundimvetse: shuga wa ana ameneyu, amene kuchipatala timati Type 1, sabwera chifukwa mwana anadya maswiti kapena nzimbe. Kapamba wake wangoleka kupanga insulin, ndiye chakudya chimene wadya sichimupatsa mphamvu, shuga amangodzaza m'magazi. Palibe muzu kapena madzi opempherera amene angalowe m'malo mwa jakisoni. Pempherani, inenso ndimapemphera, koma jakisoni asadumphe tsiku. Mwana akamamwa madzi kwambiri, kukodza pafupipafupi, kuonda, kapena wayambiranso kukodza pogona atasiya kale, pemphani kuti amuyeze shuga. N'kadontho kamodzi ka magazi.

Aphunzitsi inunso. Mwana wotereyu akayamba thukuta, kunjenjemera, kuyankhula zosamveka, si ulesi kapena ziwanda, shuga watsika. Pa kamakina akafika pansi pa 70 mg/dL, mupatseni shuga wosungunula m'madzi kapena Sobo msangamsanga ngati akutha kumeza. Akakomoka musamumwetse kanthu, thamangirani naye kuchipatala. Wathuyu amayenda ndi kapepala ka shuga m'thumba la kabudula, azakhali anachita kusokerapo kathumba kena. Pa 14 Novembala, tsiku lokumbukira matenda a shuga padziko lonse, ndikufuna kudzayenda m'sukulu za kwathu kuno kunena zomwezi. Ntchito ndikhale nditaipeza kapena ayi, ndidzabwera.

Mchimwene wanga uja ali Sitandade 7 tsopano, amadzibaya yekha, ndipo akuti mpira amamenya nambala 9.

Amene mukufunsa za phwando, kulibe. Ndalama ya nkhuku yapita ku timapepala toyezera shuga, ndipo ngongole ya azakhali ku banki m'khonde ikadalipo. Lamulungu tidzakhala kutchalitchi mapemphero a m'mawa, tikatuluka tonse tilowera kwa azakhali. Obwera atengeko ufa.