Tsiku limene ndinauza boma lonse kuti kulibe nkhani

Popeza nkhaniyi yafika kale pa gulu lathu la WhatsApp, ndipo ena mwaithira mchere mpaka mukuti ndinakomoka m'situdiyo, bola ndiifotokoze ndekha. Sindinakomoke. Ndinangotsamira khoma, ndipo khomalo linali pafupi.

A wayilesi ya m'dera lathu ija anandiitanira chinthu chimodzi basi. Pa 13 February ndi tsiku lokumbukira wayilesi pa dziko lonse, ndiye ankafuna mphunzitsi wa mbiri adzakambe za anthu amene anayambitsa zowerenga nkhani pa wayilesi. Mphindi 20 zokha. Ine ndinakonzekera masabata awiri ngati mwana wa Fomu 4. Ndinaloweza za Frank Conrad, injiniya wa kampani ya Westinghouse amene ankaulutsa nyimbo za galamafoni ali m'galaja kunyumba kwake. Ndinaloweza za wayilesi ya KDKA ya ku Pittsburgh, imene pa 2 November 1920 inalengeza zotsatira za chisankho cha pulezidenti wa America, Harding atagwetsa Cox, oulutsawo ali m'kachisakasa pamwamba pa fakitale, mavoti akuwamvera pa telefoni kuchokera ku nyuzipepala. Ndinanyamuka kunyumba nditakhuta mbiri. Ndinali nditakhutanso nyemba ndi thobwa ladzana, koma zimenezo tifikako.

Za jekete ndiyankhiretu, chifukwa ndi pamene mukuseka kwambiri. M'zaka za m'ma 1920, nthawi imene John Reith anali mkulu wa wayilesi ya BBC, owerenga nkhani kumeneko ankavala jekete lakuda laulemu madzulo aliwonse ngakhale palibe womvera ankawaona. Ndi ulemu wa ntchito. Ndiye ndinakabwereka jekete la ukwati la alamu anga, laubweya, lolemera ngati bulangete la m'ndende. Mayi a Chisomo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Bambo a Chisomo, kodi masiku ano pa wayilesi anthu akumaona?"

Ndinawauza kuti za mbiri sangazimvetse. Kunja dzuwa la pakati pa mvula lija linali litatuluka, lija loti nthaka imachita kufuka nthunzi.

Pulogalamu yanga inayenda bwino, ndipo palibe mmodzi wa inu akuitchula. Vuto linabwera nditamaliza. Mayi wowerenga nkhani za 1 koloko anaimba kuti minibasi yawo yatitimira m'matope kutsidya kwa mlatho. Mnyamata wa pa makina anandiyang'ana, nayang'ana wotchi, nandiyang'ananso.

"Aphunzitsi, mawu muli nawo inu. Simungatiwerengereko? Ndi mapepala awiri okha."

Munthu akakuuza kuti mawu uli nawo, nzeru zimathawa. Ndinavomera asanamalize n'komwe. Pepala loyamba ndinaliyala patebulo, lachiwiri ndinalipinda bwinobwino n'kuliika m'thumba la m'kati mwa jekete, pamtima, kuti lisachite phokoso pa maikolofoni. Onani kusamala kwake.

Kagetsi kofiira kanayaka. Apa ndi pamene Arthur Burrows anandilowa m'mutu. Bamboyu ndi amene anawerenga nkhani zoyamba za BBC pa 14 November 1922, pa siteshoni ya 2LO ku London. Munali za akuba m'sitima, za chifunga cha mu London, ndi zina. Ankawerenga kawiri, koyamba mwachangu, kachiwiri pang'onopang'ono, kuti wofuna kulemba alembe. Ndinati pa tsiku la wayilesi, bwanji ndimulemekeze mkuluyu? Kulakwa kwanga n'koti omvera sindinawauze.

Nkhani yoyamba inali ya ng'ombe imene inabedwa m'khola m'mudzi wina usiku wa Lachiwiri. Ndinaiwerenga mothamanga. Ndinapuma. Ndinaiwerenganso modekha, liwu lililonse palokha, ngati mlaliki wa pamaliro. Ndamva kuti pofika madzulo, pamsika nkhani inali yoti ng'ombe zabedwa ziwiri, mudzi womwewo, khola lomwelo, usiku womwewo, ndipo anthu ankadabwa kulimba mtima kwa akubawo kuti anabwereranso. Mwini wake, amene moyo wake wonse anali ndi ng'ombe imodzi, anayamba kufunsidwa ndi abale ake kuti inayo ankaibisa kuti.

Pepala loyamba litatha ndinapisa m'thumba. Anzanga, situdiyo ija ndi kachipinda kopanda zenera, makoma anamata masiponji, fani anazimitsa kuti isamveke. Ine m'kati mwa ubweya ndinali nditasanduka chitsime. Pepala lija linalembedwa pamanja ndi inki, ndipo chimene ndinatulutsa chinali chinyezi chobiriwira chooneka ngati mapu a nyanja ya Malawi, Likoma ndi Chizumulu zili pomwepo. Mawu owerengeka anali awiri: "Lachinayi" ndi "onse". Onse atani Lachinayi? Mpaka lero sindidziwa, ndipo ngati munayenera kupita kwinakwake Lachinayi limenelo, pepani.

Munthu wosaphunzira akanangoti zii. Ine mbiri inandithandiza, kapena kuti inandiponya m'dzenje. Pa 18 April 1930, Lachisanu Loyera, nthawi ya nkhani zamadzulo itakwana, muulutsi wa BBC anauza dziko lonse la Britain kuti kulibe nkhani, kenaka anaika nyimbo za piyano mpaka nthawi ya nkhaniyo inatha. Zinachitikadi. Ndiye ndinakonza tayi, ndinasendera pa maikolofoni, n'kunena ndi mawu a pansi pa chifuwa:

"Omvera athu, kupatula ng'ombe ija, lero kulibe nkhani."

Ndinakweza dzanja kupatsa mnyamata uja chizindikiro choti aike piyano. Kwathu kuno piyano aitenga kuti? Mnyamatayo anali kuseri kwa galasi, chimanga chootcha chili m'kamwa, maso ali tong'o, osatafuna, osameza. Ine dzanja lili m'mwamba. Iye chimanga chili m'kamwa. Kagetsi kofiira kali ngwee. Boma lonse, m'magolosale, m'mabala, pa mipando ya ometa tsitsi, lili chete kudikira.

M'chete mmenemo ndi mmene nyemba zinapempha mwayi wolankhula.

Zinayamba pansipansi, kumanzere, ngati galimoto ya matola ikuliza injini kutali. Ndinafinya mimba ndi chigongono. Kufinyako kunangozipatsa njira. Phokoso linakwera, linakhota, linadutsa pa mchombo likuguguda ngati ngolo pa mlatho wa matabwa, linaima pang'ono ngati likuganiza, kenaka linamaliza ndi kamawu kang'ono kokwera m'mwamba, kangati funso. Maikolofoni ija, imene pa pulogalamu yanga ankati ndiziyandikira chifukwa siikoka bwino mawu, tsiku limenelo inakoka zonse. Ndinaona ndi maso anga kasingano ka pa makina kakuvina mpaka pofiira. Thobwa nalo linayankha kumanja. Zinakambirana. Ndikanena kuti zinatenga mphindi zitatu mudzati ndikunama, koma amene anali m'jekete ndine. Ndipo poti tsikulo linali la Arthur Burrows, mimba nayo inabwereza kachiwiri, pang'onopang'ono, kuti wofuna kulemba alembe.

Mnyamata uja anadzidzimuka, chimanga chinagwa, anadina batani loyamba limene chala chake chinapeza. Linali la kanyimbo kotsegulira mauthenga achisoni.

Tsono ganizirani apongozi anga. Iwo anakulira pa wayilesi ya bambo awo, ija ankaitcha ya sefuliya chifukwa cha maonekedwe ake, imene Harry Franklin wa wayilesi ya ku Lusaka anagwirizana ndi kampani ya Ever Ready kuti ipangidwe, n'kuyamba kugulitsidwa mu 1949. Mudzi wonse unkasonkhana kumvera Chinyanja chochokera ku Lusaka, ndipo chimene wayilesi yanena chinali chomwecho, osatsutsa. Mayi oterowo anamva mkamwini wawo akulankhula, kenaka chete, kenaka kubuula kwachilendo, kenaka nyimbo ya maliro. Anaimbira mayi a Chisomo akulira kale. Pamene ndinkafika kunyumba pa kabaza, jekete lili pamapewa likudontha, ndinapeza amayi awiri a mumpingo atakhala pakhonde, atafunda zitenje. Mmodzi anandiona n'kunena kuti, "Aa, si awa?" ndipo m'mawu mwake munali kakukhumudwa.

Tsono ndifunse. Mzungu wa ku London ananena mawu omwewo, ndipo patha zaka zoposa 90 anthu akumukumbukirabe mwaulemu. Ine ndanena m'Chichewa, ndasanduka choseketsa. Kusiyana kwathu ndi piyano basi. Ndiponso iye zinali zosavuta: masiku amenewo BBC inkadalira kwambiri nkhani zochokera ku makampani ngati Reuters, ndipo poyambirira eni nyuzipepala anachita kuiletsa kuulutsa nkhani isanakwane 7 koloko madzulo kuopa kuti anthu asiya kugula mapepala awo. Anali ndi tsiku lonse lokonzekera kusowa nkhani. Ine ndinapatsidwa masekondi.

Kusukulu ana akumandipatsa moni woti, "Sala, lero kuli nkhani?" A wayilesi anati adzandiitananso, sanatchule chaka. Ng'ombe ija inapezeka, imodzi, ndipo pali anthu akufunsabe za inzake. Alamu anga akufuna jekete lawo Loweruka, kuli chinkhoswe. Thumba la m'kati lidakali lobiriwira. Ngati wina akudziwa chochotsera inki pa nsalu yaubweya andiuze, koma ku inbox.