Asilikali a pulasitiki ndi njere za chimanga

Teremu ino, mu phunziro la mbiri yakale, aliyense anauzidwa kuti asankhe njira yake yofotokozera Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse monga inachitikira kuno kwathu. Anzanga ambiri anasankha kulemba pepala basi. Ine ndinakumbukira kabokosi ka tizidole ta asilikali kamene msuweni wanga anandibweretsera kuchokera ku Johannesburg zaka zitatu zapitazo, kakungodya fumbi pansi pa bedi ku Chikanda, ku Zomba, komwe ndimachita lendi. Ndinauza aphunzitsi kuti ndikonza masewero a patebulo osonyeza nkhondo ya ku Karonga ya pa 9 September 1914. Anandiyang'ana kanthawi, nkuti, "Chabwino, koma musadzandibweretsere zidole zokha. Ndidzafuna ndione zimene mwaphunzira."

Masewero oterewa sanayambe lero. Asilikali a ku Prussia, dziko lakale la Ajeremani, anayamba kuphunzitsira nawo akuluakulu awo cha m'ma 1824, pogwiritsa ntchito mapu, timiyala ndi madayisi. Mumayala malo a nkhondo patebulo, aliyense amayendetsa gulu lake poyeza ndi rula, ndipo dayisi ndiye amagamula ngati chipolopolo chalasa kapena chaphonya. Kwa munthu wodziwa bawo sizachilendo kwenikweni, kungoti pano nkhomo zake zili ndi manja ndi miyendo.

Tizidole tangati ndi ta muyeso wa 1/72, kutanthauza kuti kamodzi nkotalika mamilimita 24 kapena kuchepera apo, ngati chala chaching'ono kuchidula pakati. Vuto linali lakuti ndi asilikali achingerezi a nkhondo yachiwiri, ovala zisoti zachitsulo. Mwayi wake avala makabudula, ndiye ndinangoti ndiwasandutsa asilikali a King's African Rifles (KAR), gulu la asilikali achikuda la Britain. Ndinadula zisotizo ndi lezala, nkumata timapaipi ta inki ya bolopeni todulidwa tifupitifupi kuti tikhale ngati zisoti za fezi. Chala changa chamanthu chili ndi zipsera ziwiri za ntchito imeneyi.

Penti ndiye anandichititsa manyazi. Ndinagula kachitini ka penti wa mafuta pa hadiweya ina mtauni, wopakira mawindo uja, nkupaka asilikali khumi usiku umodzi. Patatha masiku anayi anali akumatabe m'manja, ndipo nditangopinda kamfuti pang'ono, penti yense anasupuka ngati khungu la njoka. Apa mpomwe ndinadziwa kuti pulasitiki wofewayu amachoka ku fakitale ali ndi timafuta, ndiye amafunika kumutsuka ndi sopo wotsukira mbale, kumuumitsa, kumupaka guluu wa matabwa wosungunula ndi madzi, kenako penti wa akiriliki. Ndipo penti ameneyu asakhale wokhuthala. Kupaka kawiri mopyapyala kumasiya malamba ndi mabatani zikuoneka, pomwe kupaka kamodzi mokhuthala kumasandutsa msilikali chiponde. Pomaliza ndimathira penti wabulauni wamadzimadzi kuti alowe m'makwinya a malaya, nkupukuta burashi mpaka itatsala pang'ono kuuma, nkuipititsa mopepuka pamwamba kuti mapewa ndi mawondo ziwale.

Chinandiseketsa ndi kabotolo kolembedwa kuti mtundu wa khungu. Kutsegula, ndi pinki. Khungu la anthu anga ndinachita kusakaniza ndekha pa chitsekerero cha botolo: bulauni wambiri, kadontho kofiira, kadontho kakuda. Mukachulutsa wakuda nkhope imafa, siioneka maso kapena mphuno.

Mayi a nyumba anandipeza pakhonde tsiku lina nditawerama, lilime lili panja. "Achimwene, makolo anu akugulitsa chimanga kuti muzisewera ndi zidole?" Ndinaseka, koma yankho labwino ndinalibe tsiku limenelo.

Ndinayamba kulipeza pamene burashi inandikakamiza kufunsa mafunso amene manotsi sanandifunsepo. Kuti ndipake phazi, ndiyenera kudziwa ngati munthuyo anavala nsapato. Pa zithunzi zakale asilikali ambiri achikuda ali ndi nsalu zokulunga m'miyendo koma kuphazi kulibe kanthu. Fezi yofiira inali ya pa perete m'magulu ena a KAR. Kutchire ikanakhala ngati kuitana chipolopolo, ndiye ambiri ndawapaka khaki, ofiira ndasiya atatu okha chifukwa chokongola. Asilikali achikuda a mbali ya Germany, kumayambiriro kwa nkhondo, ambiri anali ndi mfuti zachikale za mtundu wa 1871, za onga wotulutsa utsi wambiri. Ndiye m'malamulo anga, gulu lawo likawombera ndimaika kathonje patsogolo pake, ndipo mdani amaliona msanga. Zimenezi ndinaziwerengapo chaka chatha, koma sizinakhale m'mutu mpaka nditang'amba thonje ndi zala zanga.

Loweruka lina ndinayenda mpaka pa chipilala cha KAR, chija cha wotchi chili pafupi ndi Cobbe Barracks. Ndadutsapo pa minibasi kosawerengeka osatsika. Gulu la KAR linakhazikitsidwa mu 1902, ndipo Zomba anali likulu la asilikali a Nyasaland. Dzina la Cobbe ndi la Alexander Cobbe, amene analandira mendulo ya Victoria Cross pa nkhondo ya ku Somaliland chaka chomwecho. Ndinaima pamenepo nthawi ndithu, nkubwerera wapansi.

Nkhondo ya ku Karonga ndinaisankha chifukwa ndi yaing'ono, ikukwana pa chitseko chakale chomwe ndachisandutsa tebulo. Gulu la Britain lotsogozedwa ndi Captain Barton linanyamuka kulowera kumpoto, gulu la Germany likutsika kumwera, ndipo anaphonyana. Ajeremani anakagwera boma la Karonga lomwe linatsala ndi anthu ochepa, mpaka a Barton atabwerera nkuwagonjetsa. Kuti kuphonyanako kutheke patebulo, aliyense amalemba njira yake pa kapepala mobisa, zidole zimaikidwa pokhapokha magulu akaonana. Nyanja ndi chitenje chabuluu, udzu ndi utuchi wopaka penti wobiriwira, ndipo m'mphepete ndaikamo kasitima ka katoni kokumbutsa Guendolen, sitima ya Britain imene pa 13 August 1914 inaononga sitima ya Germany, Hermann von Wissmann, ku Sphinxhaven, doko la pa Nyanja ya Malawi.

Titayesa kusewera ndi mnzanga wa m'kalasi, masewero anatha bwinobwino m'maola awiri. Iye anapambana, tinaseka. Koma usiku ndinagona ndi kusakhutira. Asilikali athu ankayenda patebulo ngati sadya, ngati zipolopolo zimamera m'thumba. Mfuti ya chiwaya, imene inapatsa Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse kuno kwathu dzina loti Nkhondo ya Chiwaya (osati chiwaya cha tchipisi cha pamsika), inkasuntha yokha. Ndani ankainyamula?

M'kabokosi mulibe mtengatenga ngakhale mmodzi. Komatu amuna a Nyasaland amene anatengedwa kukanyamula katundu pa nkhondoyi anali pafupifupi 200,000, kuchulukitsa asilikali kangapo konse, ambiri mokakamizidwa, ndipo njala ndi matenda zinapha ochuluka. John Chilembwe analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times mu November 1914, patangotha miyezi iwiri chichitikire za ku Karonga, kudandaula kuti amphawi akufera nkhondo imene si yawo. Mu January 1915 anaukira boma. Ine ndinali nditakonza masewero onse osawaikamo anthu amene iye ankawanena.

Ndiye ndasintha pulani. Karonga akhala gawo loyamba chabe. Gawo lachiwiri likhala ulendo wa gulu la General Northey wa mu 1916 wolowa m'dziko la Germany East Africa, ndipo chakudya chiwerengedwa ndi njere za chimanga. Mtengatenga aliyense anyamula njere 25, adya imodzi patsiku. Werengani nokha: akayenda masiku 12 kupita ndi 12 kubwerera, msilikali wa kutsogolo alandira njere imodzi yokha. Titayesanso ndi lamulo limeneli, mnzanga uja anataya theka la gulu lake asanawombere ngakhale kamodzi. Anakwiya, amvekere masewerowa sakukomanso. Ndinalemba mawu akewo mu lipoti langa.

Atengatenga ndikuwaumba ndekha ndi waya wa m'chingwe cha magetsi ndi dongo, katundu wa pamutu ndi timapisi ta machesi tokulunga m'nsalu. Pofika dzulo ndinali nditamaliza 14, ndipo ndikufuna 40 isanafike sabata ya mayeso. Saoneka bwino ngati a pulasitiki aja, ena mitu yakula ngati maungu.

Lamulo limodzi ndi limene landiimitsa. Dayisi akagwa pa 1, mtengatenga mmodzi amathawa usiku nkubwerera kwawo. Pa pepala la mapointi ndinalemba kuti wosewerayo wataya pointi imodzi. Kenako ndinafufuta, nkujambula danga lachitatu, losakhala la Britain kapena la Germany, nkulembamo pointiyo. Mnzanga akuti masewero a anthu awiri sangakhale ndi madanga atatu. Lachinayi ndikawaonetsa aphunzitsi pepalalo momwe lililimu.