Lachinayi limene ndinaswera kusukulu kwa ana anga

Lero sindinapite kuntchito. Tchuthi cha tsiku limodzi chimenechi ndinachipempha sabata yatha, nditaona pa tsamba la pa intaneti limene sukulu imaikapo malikisi kuti mwana wanga wamkulu, amene chaka chino walowa giredi 6, watsika m'masamu kuchoka pa B kufika pa D, ndipo ntchito zisanu zinali zitalembedwa kuti sizinaperekedwe. Nditamufunsa anayankha kuti zonsezo anazilemba, ndipo sindinamukayikire chifukwa madzulo aliwonse ndimamuona atawerama patebulo mpaka nditamuuza kuti akagone. Chimene ndinkafuna kudziwa n'chakuti ntchitoyo ikachoka patebulo lathu imakathera kuti, popeza m'manja mwa aphunzitsi siikufikamo.

Ana anga onse awiri amaphunzira pa sukulu imodzi ya boma, ya mtundu umene kuno ku America amautcha K-8. Mwana amalowa kindergarten ali ndi zaka 5 ndipo amakhala pomwepo mpaka atamaliza giredi 8 ali ndi zaka 13 kapena 14, kenako n'kupita ku high school kumene kuli magiredi 9 mpaka 12. M'madera ambiri ana a magiredi 6, 7 ndi 8 amakhala ndi sukulu yawoyawo yotchedwa middle school, koma pa sukulu yathuyi onse ali m'nyumba imodzi yosanja, ang'onoang'ono pansi ndipo akuluakulu pamwamba. Chaka chitayamba ndinali ndi mtima m'malo poganiza kuti mnyamatayu sakusintha sukulu, wangokwera masitepe basi. Lero ndiye ndaona kuti ndinkadzinamiza.

Ndinafika basi yachikasu ikutsitsa ana pakhomo. Ku ofesi ndinaonetsa chiphaso changa, anandipatsa kapepala komata pachifuwa kosonyeza kuti ndine mlendo, ndipo popeza nthawi yokumana ndi aphunzitsi a masamu inali masana, m'mawa wonse ndinathandiza m'kalasi ya mwana wanga wamng'ono, ya giredi 2. Tsiku linayamba ndi lumbiro la ku mbendera, limene mawu ake oyamba analembedwa mu 1892. Kamtsikana kena kanangokhala pampando anzake ataimirira, ndipo palibe amene anakayang'ana kawiri, chifukwa kuyambira mu 1943 khoti lalikulu la dziko lino linagamula kuti mwana asakakamizidwe kunena lumbiroli.

Chimene chinandigwira mtima m'kalasi imeneyi ndi mmene aphunzitsi amawadziwira ana awo. Ndi mayi mmodzi yemweyo amene amawaphunzitsa kuwerenga, kulemba, masamu, sayansi ndi za chikhalidwe cha anthu, ndipo ana amangochoka m'manja mwake akamapita ku nyimbo, ku zojambula kapena ku masewera. Nthawi yowerenga itakwana anawagawa m'timagulu malinga ndi pamene aliyense wafika, ndipo ine anandipatsa kagulu ka ana anayi, n'kundinong'oneza kuti mmodzi amasokoneza b ndi d, wina amawerenga mothamanga koma ukamufunsa zimene wawerenga amasowa chonena, ndipo wina ndisamufulumize chifukwa usiku sanagone bwino. Zonsezi anazinena osayang'ana m'buku. Ntchito ya kunyumba anaitolera yekha akuyenda desiki ndi desiki, ndipo amene analibe anamuuza kuti atsegule chikwama ayang'anire limodzi.

Chapakatikati kunabwera mphunzitsi wina kudzatenga ana atatu amene akutsalira pa kuwerenga, ndipo anakakhala nawo kwa theka la ola m'kachipinda kapadera. Malipiro a mphunzitsi ameneyu amachokera ku ndalama za Title I, gawo la lamulo limene Pulezidenti Lyndon B. Johnson anasainira mu 1965 lothandiza sukulu zimene zili ndi ana ambiri ochokera m'mabanja osauka. Johnson ali mnyamata anaphunzitsapo ana osauka m'tauni ya Cotulla ku Texas, ndipo ndikaona mmene ana atatu aja anadumphira kutsatira mphunzitsi wawo ndimaganiza kuti munthuyo ankadziwa chimene ankasainira. Mwana wanga wamng'onoyu nayenso ankatengedwa chonchi ali mu kindergarten, koma iye chinali Chingerezi. Pa fomu yolembetsera ndinalemba kuti kunyumba timalankhula Chichewa, ndiye anamuyesa n'kumuika pa gulu la ophunzira chinenero. Nthawi imeneyo zinandiwawa, ndinkaona ngati amuderera, mpaka nditamva kuti thandizo limeneli ndi ufulu umene makolo a ana olankhula Chitchaina a ku San Francisco anaumenyera m'khoti, pa mlandu wa Lau v. Nichols umene unagamulidwa mu 1974.

Za chakudya cha masana sindinena zambiri, kupatula kuti phokoso la m'holo yodyeramo likundiliriabe m'makutu. Mwana aliyense amadina nambala yake pa kamakina, choncho palibe amene amadziwa kuti uyu walipira, uyu akudya mwaulere pansi pa pulogalamu ya boma imene inayamba mu 1946. Atatha kudya ang'onoang'ono anathamangira panja kukasewera, pamene a pamwamba anangobwerera m'makalasi.

Ndinakwera masitepe belu litatsala pang'ono kulira, ndipo nditaima pakona ndinaona zimene mwana wanga amakumana nazo kangapo patsiku. Belu litangolira zitseko zonse zinatseguka nthawi imodzi, khonde lonse n'kudzaza ana. Aliyense ali ndi mphindi 4 zoti afike pa kabati yake yachitsulo, atsegule loko wozungulitsa wa manambala atatu, asiye mabuku a phunziro latha, atenge a phunziro likubwera, ngati akufuna kuchimbudzi apitenso, n'kukhala pampando m'chipinda china belu lachiwiri lisanalire. Patsiku amakhala ndi maphunziro 7, lililonse chipinda chake ndi mphunzitsi wake: Chingerezi, masamu, sayansi, mbiri ndi malo, masewera olimbitsa thupi, Chisipanishi ndi bandi. Ndinamuona mnyamata wanga akulimbana ndi loko kawiri konse asanatseguke, ndipo atatseguka anangoponyamo zimene zinali m'manja, n'kutsomphola buku limodzi, ulendo. Sanandione n'komwe.

Aphunzitsi a masamu anandilandira bwino pa nthawi yawo yopuma. Ndi bambo wodekha amene amaphunzitsa makalasi asanu patsiku, ana opitirira 100, ndipo nditatchula dzina la mwana wanga anayamba ayang'ana pa kompyuta kuti akumbukire nkhope. Sindikuwaimba mlandu pa zimenezi, koma ndinakumbukira mayi a giredi 2 aja ndi mawu awo onong'ona. Anandionetsa mayeso aang'ono a m'kalasi, ndipo pa kugawa mafulakishoni ndi pa maresho mnyamatayu wakhala akukhoza bwino ndithu. Kenako anandilozera thireyi imene ili patebulo pafupi ndi chitseko. Ntchito ya kunyumba mwana amaiika yekha mmenemo polowa, belu lisanalire, ndipo iwo saitanitsa kapena kukumbutsa. Anati lamuloli analifotokoza tsiku loyamba ndipo lili pa pepala limene makolo tinasainira. Ndinasainadi, koma linali limodzi mwa mapepala 7 amene anabwera tsiku limodzi, lililonse ndi malamulo a mphunzitsi wake.

Tinamuitanitsa mwanayo kuti adzatsegule kabati yake. Pansi penipeni, kunsi kwa nsapato zochitira masewera, tinapeza mapepala asanu okwinyika, onse olembedwa mpaka funso lomaliza. Nditamufunsa chifukwa chake sanawapereke, anayang'ana pansi n'kunena kuti, "Amayi, aphunzitsi sanafunse." Ntchito ziwiri zoyambirira anakhala nazo m'chikwama kudikira kuti afunsidwe monga zinkakhalira mu giredi 5, ndipo atazindikira za thireyi ija anachita manyazi kupereka mochedwa, ndiye zotsatirazo zinangotsata njira yomweyo ya m'kabati.

Aphunzitsiwo anafotokoza kuti amachita dala chonchi pofuna kuti ana azolowere kudziyang'anira okha asanafike ku high school, kumene palibe amene adzawalondole. Mfundoyi ndikuimvetsa ndipo cholinga chake sindikutsutsana nacho. Chimene sindikugwirizana nacho ndi chakuti mwana wa zaka 11 asowetse ntchito zisanu motsatizana popanda munthu wamkulu aliyense kumuitana pambali n'kumufunsa kuti vuto n'chiyani, pamene mayeso ake akusonyeza kuti phunzirolo akulimva. Ndiponso D ameneyu si wongochititsa manyazi. Pa sukulu yathu malikisi a giredi 6, pamodzi ndi zotsatira za mayeso a boma amene lamulo la Every Student Succeeds Act la mu 2015 limafuna kuti ana a magiredi 3 mpaka 8 azilemba chaka chilichonse pa kuwerenga ndi masamu, ndi amene amagwiritsidwa ntchito posankha ana olowa kalasi ya masamu othamanga mu giredi 7. Olowa mmenemo ndi amene amaphunzira aljebra mu giredi 8, ndipo amenewo akafika ku high school njira ya masamu apamwamba imakhala yowatsegukira. Mapepala asanu ogona pansi pa nsapato akanatha kumutsekera mwana njira imeneyo iye asakudziwa. Zimenezi ndinazinena mwaulemu, ndipo bambowo anavomera kulandira ntchitozo atachotsako malikisi pang'ono chifukwa chochedwa. Tinagwirizananso ndi mlangizi wa ana kuti mnyamatayu akhale ndi fayilo imodzi yokha ya ntchito zonse zokapereka, imene isamalowe m'kabati, ndipo mphunzitsi amene amakhala nawo mphindi zoyambirira za m'mawa aziyiona kwa masabata anayi.

Phunziro lomaliza linali bandi, ndipo anandilola kukhala kumbuyo. Ana a giredi 6 ayamba kugwira zida miyezi iwiri yapitayo, choncho zimene zinkamveka sindingazitche nyimbo. Koma aphunzitsi a bandi anamutchula mwana wanga dzina osayang'ana pa pepala, anamuuza kuti awongole msana ndipo asalume kwambiri kamwa ya kilalineti yake, chitoliro chimene amaimba, ndipo atayesanso mawu anatuluka osalala. Pa aphunzitsi onse 7, awa okha ndi amene adzakhale naye zaka zitatu zonse, mpaka giredi 8.

Pobwerera kunyumba tinadzera kusitolo kukagula fayilo, ndipo anasankha yekha yofiira. Madzulo ano walemba masamu ake, wawaika m'fayilomo, n'kuilowetsa m'thumba lakutsogolo la chikwama. Mchemwali wake wamng'ono anafunsa ngati naye adzakhale ndi loko wa manambala akadzakwera pamwamba, ndipo iye anamuuza kuti adzamuphunzitsa kutsegula kwake nthawiyo isanakwane. Tsamba la malikisi ndilitsegulanso Lachisanu la sabata yamawa.